Nyumba ndinkaiona, penshoni sindinkaiona

Cholembera chinali kale m'manja. Ndikukumbukira bwino chifukwa chinkavuta kutulutsa inki, ndiye ndinayamba ndachikwekwesa pakona pa envelopu kuti chiyambe kulemba. Chikanalemba msanga, bwenzi nkhani ino kulibe. M'kamphindi kameneko loya wanga, amene anali chete nthawi yonseyo, anaika chala papepala lachiwiri n'kunena kuti, "Mayi, tadikirani kaye. Nambala iyi yachokera kuti?"

Pangano la chisudzulo chathu linali losavuta kumva. Ine nditenge nyumba, bambo a ana anga atsale ndi penshoni yawo ya kuboma. Aliyense ndi chake, osakokanakokana. Titakhala m'banja zaka 18, tonse tinali titatopa ndi kulankhulana kudzera mwa anthu ena, ndipo ine ndinkangofuna tsiku limene ndidzadzuke m'mawa popanda pepala londidikira patebulo. Anzanga nawo ankandilimbitsa mtima. Wina anachita kundiuza mwambi, akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Tenga nyumba mwana wa mayi, penshoniyo udziwa bwanji ngati udzafikeko?

Ndinkaona ngati ndawina. Pepala lochokera kuntchito kwawo linkasonyeza ndalama yokwana ngati malipiro awo a chaka chimodzi ndi theka. Nyumba, tikachotsa ngongole yotsala, inkakwana ngati malipiro awo a zaka 3. Ndinkachita ngakhale kamanyazi, kuganiza kuti ndikuwadyera masuku pamutu.

Nambala ya papepala

Funso la loya lija linalibe yankho lachangu. Bambo a ana anati nambalayo anawapatsa ku ofesi atapempha kuti awalembere za penshoni yawo. Sananame. Titaliwerenga bwino pepalalo tinapeza kuti linkanena za ndalama zimene anadulidwa pamalipiro mwezi ndi mwezi kuyambira pamene analowa ntchito, kuphatikizapo kachiwongoladzanja pang'ono. Ndiye kuti ndi zimene iwo anaponyamo basi.

Apa m'pamene ndinaphunzira chinthu chimene ndinakhala nacho m'nyumba zaka zonsezo osachidziwa. Mapenshoni alipo a mitundu iwiri. Wina ndi wonga thumba: wantchito amaponyamo, bwana amaponyamo, ndalamazo zimachita phindu, ndipo tsiku lililonse ukhoza kufunsa kuti muli zingati n'kuuzidwa. Kugawa kwake sikuvuta kwenikweni, umangoyang'ana zimene zilimo. Mtundu winawo, umene antchito a boma ambiri m'mayiko ambiri akhala nawo kwa nthawi yaitali, ulibe thumba la munthu payekha. Chimene chilipo ndi lonjezo lakuti ukadzapuma pantchito uzidzalandira gawo lakutilakuti la malipiro ako mwezi uliwonse mpaka imfa. Kukula kwa gawolo kumatengera zaka zimene wagwira ntchito ndi malipiro ako, osati kuchuluka kwa zimene unadulidwa. M'maboma ena ndalamazo sizisungidwa n'komwe pena paliponse. Opuma a lero amalipidwa kuchokera ku misonkho ndi zodulidwa za antchito a lero.

Ya bambo a ana inali ya mtundu wachiwiriwu. Chaka chilichonse cha ntchito chinkawapatsa gawo limodzi mwa magawo 60 a malipiro awo omaliza. Anali atagwira zaka 24. Ndiye ngakhale akanasiya ntchito tsiku lomwelo, boma linali nawo kale ndi ngongole ya 40 peresenti ya malipiro awo, chaka ndi chaka, kuyambira pa msinkhu wopumira mpaka tsiku lomaliza la moyo wawo. Pepala lija silinkanena chilichonse za zimenezi.

Loya anati tipeze katswiri wowerengera zoterezi, amene amatchedwa actuary. Ndinadandaula za ndalama yomulipira. Bambo a ana anadandaula kwambiri kuposa ine. Pomaliza tinagwirizana kuti tilipire theka theka, munthu mmodzi, ndipo tikamve tonse limodzi zimene wapeza, kuti pasadzakhale wonena kuti mnzake anagula katswiri.

Mzere wa pensulo

Anali mayi wachikulire, wa magalasi olendewera pachingwe, wosathamanga polankhula. Tinakhala mbali imodzi ya tebulo, ine ndi munthu amene sindinakhale naye pafupi chotero kwa chaka chathunthu, pakati pathu mpando wopanda munthu. Mayiwo anali ndi lipoti lalitali koma sanalitsegule. Anatenga pepala loyera ndi pensulo n'kujambula mzere umodzi wopingasa.

"Apa ndi pamene bambo munalowa ntchito," anatero, n'kuika kadontho kumanzere. Anawerenga zaka 6 n'kuika kena. "Apa munakwatirana." Anawerenga 18. "Apa ndi lero." Kenako zaka 12 zina. "Apa mudzapuma, ngati zonse ziyenda bwino." Ndinaganiza kuti mzere wathera pamenepo. Koma pensulo inapitirira, pang'onopang'ono, mpaka kukafika m'mphepete mwa pepala. "Uku konseku ndi kulandira. Palibe akudziwa kuti kudzatha liti. Ntchito yanga ndi kuyerekeza, potengera zaka zimene anthu a msinkhu wanu amakhala ndi moyo akapuma."

Anafotokoza kuti kupeza mtengo wa lonjezo lotere n'kufunsa funso limodzi: kodi munthu angafunike kukhala ndi ndalama zingati lero, kuti akazisunga mwanzeru zidzathe kumulipira zomwezo mwezi uliwonse mpaka imfa? Poyankha, amaphatikiza zolandira za zaka zonsezo, amaganizira kuti penshoniyi imakwezedwa zinthu zikamakwera mtengo, kenako n'kuzibweza m'mbuyo kufika lero, chifukwa ndalama ya mtsogolo ndi yopepuka poyerekeza ndi ya m'manja.

Kenako analemba nambala pansi pa mzere uja n'kutembenuzira pepala kwa ife. Inali ngati malipiro a zaka 6. Kuwirikiza kanayi nambala ya papepala la kuntchito lija. Magawo atatu mwa anayi a ndalamayo, zaka 18 mwa 24 zija, anagwera m'nthawi ya banja lathu.

Ndinachita masamu m'mutu, ine amene masamu sindinkawakonda kusukulu. Theka la nyumba limene bambo a ana ankandisiyira linali ngati malipiro a chaka ndi theka. Theka la penshoni ya m'banja limene ine ndinkawasiyira linali ngati malipiro a zaka 2 ndi miyezi 3. Ine uja ndinkachita manyazi kuti ndikudyera munthu.

Bambo a ana anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako anati, mawu ali pansipansi, "Koma mayi, ndalama zimenezi kulibe. Ine sindinazionepo. Sindingapite kukazitapa mawa."

"Zoona bambo," anayankha mayi aja. "Simungazitape. N'chifukwa chake anthu amaziiwala."

Ndinatembenuka kuwayang'ana kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Ndinkayembekeza kuona nkhope ya munthu wogwidwa. Ndinaona mantha. Munthuyu sankandibisira kanthu, nayenso sankadziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti akadzakalamba sadzapemphetsa, ndipo anali atangoona dzanja langa likulowa m'chinthu chokhacho chimene ankachidalira. Zimenezi zinandivuta kuposa nambala ija. Kukanakhala kosavuta akanakhala wakuba.

Katswiri nayenso amayerekeza

Sindikufuna wina achoke pano akuganiza kuti nambala ya actuary imatsika kumwamba. Mayi aja anatiuza okha kuti katswiri wina akhoza kupeza yosiyana, ndipo anatisonyeza chifukwa chake ndi chitsanzo chimene sindinachiiwale. Ndalama yokwana 100 imene udzalandire pakatha zaka 20, ukaibweza ku lero ndi chiwongoladzanja cha 3 peresenti pachaka, imakhala pafupifupi 55. Ukaibweza ndi 6 peresenti imakhala pafupifupi 31. Lonjezo lomwelo, munthu yemweyo, koma kanambala kamodzi kosankhidwa ndi wowerengera kangadule mtengo wake pafupifupi ndi theka. Amene akufuna penshoni ioneke yaing'ono amakonda chiwongoladzanja chachikulu. Amene akufuna ioneke yaikulu amakonda chaching'ono. Ukalandira lipoti, funso loyamba likhale limenelo: mwagwiritsa ntchito peresenti yanji, ndipo chifukwa chiyani?

Panalinso zina zokomera bambo a ana, ndipo anazinena mosabisa. Penshoni ikamadzalipidwa idzadulidwa msonkho, pamene nyumba ukukhalamo sudulidwa chimodzimodzi. Atachotsa msonkhowo kusiyana kuja kunachepa, ngakhale sikunathe. Komanso munthu akhoza kumwalira chaka chimodzi atapuma, lonjezo lonse lija n'kusanduka kanthu kochepa. Nyumba simwalira ndi mwini wake. Mnzanga wa mwambi wa fodya uja sanali wopusa ayi.

Koma panali chinthu china chimene palibe anali atachitchula, ngakhale loya. Penshoni yawo inali ndi gawo la mkazi wamasiye. Akanamwalira tili m'banja, ndikanamalandira gawo la penshoniyo moyo wanga wonse. Tsiku limene khoti lidzathetse ukwati, chitetezo chimenecho chimatha nthawi yomweyo, popanda kalata yokudziwitsa. Ndinali kutaya chinthu chimene sindinkadziwa kuti ndili nacho.

Ya ndani kwenikweni?

Usiku wa tsiku limenelo sindinagone, ndipo sanali masamu amene ankandisowetsa tulo. Ineyo mumtima mwanga ndinkakhulupirira kuti penshoniyo ndi yawo. Amene ankadzuka m'mamawa kupita kuntchito ndi iwo. Amene ankapirira mabwana ovuta ndi iwo. Dzina papepala ndi lawo. Ndikaitanitsa gawo, kodi sindikhala mkazi wadyera uja amene anthu amamunena?

Ndiye ndinayamba kuwerenga zanga. Pa zaka 18 tinasamuka kanayi chifukwa cha ntchito yawo. Kusamuka koyamba ndinasiya ntchito imene inali ndi penshoni yakeyake. Ndinali nditagwira zaka 4 zokha, ndipo kandalama kamene anandibwezera kanathera m'makatani ndi mabedi a nyumba yatsopano. Kwachiwiri ndinali nditangoyamba kupeza makasitomala a zosokasoka. Kwachitatu mwana wathu wamng'ono ankadwaladwala, ndipo sitinachite kukambirana kuti atsale pakhomo ndani. Kukwezedwa konse kumene kunakulitsa malipiro awo kunadza chifukwa ankavomera kupita kulikonse kumene atumidwa, ndipo ankavomera chifukwa kumbuyo kunali womanga katundu ndi kufunira ana sukulu.

Palinso china. Malipiro a m'boma nthawi zambiri sakhala okwera. Kangapo konse anapeza mwayi wa ntchito yolipira bwino kwina, ndipo tinkakhala pansi n'kugwirizana kuti ayi, tipirire, penshoni ya boma ndi yodalirika. Tinkati "tipirire". Kuchepa kwa ndalama m'nyumba zaka zonsezo tinakumva tonse. Penshoni ndi malipiro amene anachedwetsedwa, ndipo malipiro a zaka zimenezo, akanabwera pa nthawi yake, bwenzi titadyera limodzi popanda wofunsa kuti ndi a ndani.

Nditayamba kuwerenga za nkhaniyi ndinadabwa kuona kuti ngakhale malamulo anachedwa kuizindikira. Ku West Germany anayamba kugawa ufulu wa penshoni pa chisudzulo mu 1977. Ku South Africa lamulo linayamba kuwerengera penshoni ngati gawo la chuma cha banja mu 1989, koma kwa zaka zambiri mkazi kapena mwamuna wosudzulidwayo ankayenera kudikira mpaka mwini penshoni atapuma kapena kusiya ntchito. Kulandira gawo lako nthawi yomweyo kunayamba mu 2007, ndipo thumba la antchito a boma linatsatira patapita zaka zingapo. Ku England kudula penshoni n'kuika gawo m'dzina la winayo kunayamba mu December 2000. Dzulodzulo lomweli. Ngati opanga malamulo zinawatengera nthawi yonseyo kuti aone chuma chosaoneka ndi maso, ndinasiya kudziimba mlandu kuti ine sindinachione.

Zaka 12 zimene sindidzakhalapo

Mkangano weniweni sunakhale pa funso lakuti ndilandire kapena ayi. Bambo a ana anavomera patapita milungu iwiri, kudzera mwa loya wawo, mosakondwa koma anavomera. Unakhala pa zaka 12 zotsala zija.

Njira ina imati dikirani mpaka adzapume, muone penshoni yonse, kenako mutenge zaka za m'banja n'kuzigawa ndi zaka zonse za ntchito. Kwa ife ndi 18 mwa 36, lomwe ndi theka, ndipo theka la thekalo ndi langa. Ndiye kuti kota ya penshoni yomaliza. Makhoti a ku New York akhala akutsata kawerengedwe kotere kuchokera pa mlandu wa Majauskas wa mu 1984. Njira inayo imati imitsani wotchi lero: werengerani penshoni ngati munthuyo wasiya ntchito tsiku la chisudzulo, pa malipiro a lero, mugawe pamenepo, zamtsogolo zikhale zake.

Loya wanga ankafuna yoyambayo chifukwa bambo a ana anali pamzere wokwezedwanso. Mfundo yake inali yakuti udindo wa mawa waima pa zaka za dzulo, zimene ine ndinathandiza kumanga. Loya wawo ankati munthu akadzakwezedwa patatha zaka 8 banja litatha, thukuta limenelo ndi la ndani? Ndinamvetsera onse awiri ndipo, kunena zoona, ndinaona kuti wachiwiriyu akunena zomveka. Mwina ndinataya ndalama pamenepo. Loya wanga amati ndinataya ndithu. Koma sindinkafuna kukhala zaka 12 ndikutchera khutu kuti ndimve ngati munthu amene ndinasiyana naye wakwezedwa pantchito.

Chifukwa chomwecho ndinakana njira yakuti gawo langa lizidzadulidwa pa penshoni yawo akamadzalandira. Imaoneka yabwino papepala, koma imakumangirira kwa munthuyo. Akachedwa kupuma, nawe uchedwa. Akamwalira, m'malo ambiri zako zathera pomwepo, ndipo kwina zimatha ukangokwatiwanso. Popeza malamulo a penshoni yawo ankalola, ndinasankha kuti gawo langa lidulidwe tsopano n'kulembedwa m'dzina langa, ndizidzalandira pa msinkhu wanga, moyo wanga wonse, iwo akhale ali moyo kapena ayi. Si mapenshoni onse amene amalola zimenezi, ndipo funso limeneli liyenera kupita kwa oyang'anira penshoniyo musanagwirizane kanthu, osati pambuyo.

Nyumba sindinaitenge yonse. Ndikhalamo mpaka wamng'ono atamaliza sukulu, kenako tidzaigulitsa n'kugawana. Mnzanga uja mpaka lero amapukusa mutu.

Mawu osowa

Ndinkaganiza kuti woweruza akasayina ndiye kuti zatha. Patapita miyezi iwiri oyang'anira penshoni anabweza chigamulo chathu ndi kakalata ka mizere inayi. Sangachite kanthu. Chigamulocho chinkati "penshoni ya kuntchito kwa mwamuna", osatchula dzina lenileni la penshoniyo monga linalembedwera m'malamulo, ndipo sichinkanena tsiku lowerengera gawo langa. Iwo satanthauzira zimene woweruza ankafuna kunena. Amachita zimene zalembedwa, ndipo zikapanda kulembedwa bwino amangokhala.

Tinabwereranso kukhoti kukakonza. Zinatenga miyezi ina 5, ndipo m'miyezi imeneyo ndinali pamalo oopsa amene sindinawazindikire mpaka loya atandiuza: ukwati unali utatha, choncho sindinalinso mkazi woti n'kulandira za umasiye, koma gawo langa linali lisanalembedwe m'dzina langa. Bambo a ana akanachita ngozi nthawi imeneyo, bwenzi ndikuyamba milandu ina ndi anthu olira maliro. Ndinapezeka ndikupempherera moyo wa munthu amene ndinasudzulana naye, ndi mtima wonse, pa zifukwa zimene sindinganyadire.

Tsiku lokasayina chigamulo chokonzedwacho tinakumana pakhonde la khoti. Anandipatsa moni bwinobwino, n'kufunsa za ana. Kenako anati, "Mayi a ana, pepala la mzere lija muli nalo?" Ndinati ndili nalo. Anati ndiwajambulire pa foni ndiwatumizire, chifukwa pali mnzawo wa kuntchito amene banja lake likutha, ndipo akuumirira kuti penshoni yake ndi kandalama kochepa kamene kali papepala la zodulidwa. Sindinafunse ngati akufuna kuthandiza mnzawoyo kapena mkazi wake. Ndinatumiza madzulo omwewo.

Kalata yochokera kwa oyang'anira penshoni inafika patatha milungu 6. Inali ya tsamba limodzi. Pamwamba panali dzina langa, la kwathu, lopanda la mwamuna, ndi nambala yangayanga ya umembala. Pansi pake analemba chaka chimene ndidzayambe kulandira. Ndinachiwerengera pa zala: wamng'ono adzakhala ali ndi zaka 29.